Mpando Woyang'ana Kumpoto

Amuna anga a Abudu ali ndi chizolowezi chovomera chinthu asanachione. Ukawaonetsa nsalu yatsopano amati "Zili bwino," maso ali pa zingwe za nsapato. Ukawafunsa ngati mchere wakwana m'ndiwo amati "Zili bwino" asanalawe n'komwe. Anzawo a pa doko la Monkey Bay, kumene amagwira ntchito ya injini pa sitima, amati ndi munthu wofatsa. Ine amene ndakhala nawo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndimati ndi munthu wothawa nkhani.

Choncho pamene mayi awo, Abiti Atumani, anaterereka pa mwala kumtsinje kwawo ku Katuli mu Seputembala wa 1984, a Abudu anapita, anagonako masiku awiri, nabwera kudzandiuza kuti zili bwino. Ndinakwera basi ndekha kukadzionera.

Ndinawapeza akuchokera kuchimbudzi, atatsamira munsi wosinjira m'malo mwa ndodo. Mwendo wamanzere ankachita kuukoka. Mtunda woti mwana angathamange kamodzi n'kamodzi unawatengera nthawi yoti munthu n'kuwiritsa tiyi. Mwana wawo wamkazi, Ajira, anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo pakhomopo panalibe wina wogona. Madzi ankawatungira oyandikana nawo akakumbuka. Ndinkadziwanso kuti mvula ikangoyamba mu Disembala msewu wa ku Katuli umaduka, ndipo munthu wodwala amakhala komweko mpaka Epulo, wamoyo kapena ayi.

Ine ndi apongozi angawo sitinakondanepo. Ine ndine wa Angilikani wa ku Malindi, ndipo nditakwatiwa sindinasiye tchalitchi. Iwo ankanditchula kuti mwana wa amishoni, ngakhale ine ndili pomwepo.

"Amayi, tiyeni ku Monkey Bay," ndinatero. "Chipatala chili pafupi."

"Kwa mwana wamwamuna? Kuti anthu azinena kuti Abiti Atumani alibe mbumba?"

"Anthu onenawo akukutungirani madzi?"

Anakhala pansi pang'onopang'ono, akuluma mlomo.

"Kwanu ndinafikako kamodzi," anatero. "Bafa la udzu, mabanja atatu, munthu ukusamba nkhuku zikukusuzumira. Chimbudzi kutali ngati kumanda, mulibe ndi dontho lomwe la madzi, mapepala okhaokha pa msomali. Ndizitawaza pati ndisanaswali? Ndizisambitsa mapazi pa khonde amuna a pa doko akudutsa? Ngwamba, sindingalole. Ndifera pano, pano pali ulemu."

"Nanga ndikamanga lanulanu?"

"Kamange kaye. Pakamwa sipaumba njerwa."

Sukulu ndinalekeza Sitandade 8, koma kujambula ndi rula ndinkatha. Nditabwerera ndinachotsa kalendala pakhoma n'kujambula kuseri kwake. Kumbuyo kwa chipinda chimene Esime, mwana wathu, amagona akabwera ku holide kunali kamalo, mapazi asanu ndi atatu m'litali, anayi m'lifupi. Ndinati tiboole khomo kuchokera m'chipindamo, kuti nkhalamba isamatuluke panja. Ukangolowa, posambira. Kenako kakhoma kofika m'chiuno. Kuseri kwa kakhomako, kumapeto, chimbudzi cha dzenje, koma chokhala ndi mpando wanjerwa, pakuti munthu wovulala chiuno sanganjute.

Ndinawaonetsa a Abudu m'mawa wa tsiku lonyamuka sitima, chikwama chili kale paphewa.

"Bambo a Esime, taonani bwinobwino. Mayi ndi anu, chipembedzo ndi chanu. Pali chimene ndaiwala?"

"Zili bwino," anatero. Kudoko sitima inalira, iwo n'kumapita.

Mmisiri anali a Marko, mkulu wa kutchalitchi kwathu, amene anaphunzira zomanga ku mishoni ku Malindi ine ndisanabadwe. Ankanditchulabe "mwanawe" ngakhale ndinali ndi mwana wa ku sekondale. Dzenje anakumba kunja kwa khoma, nalimangira njerwa kuyambira pansi chifukwa dothi la kuno ndi mchenga, limagumuka. Pamwamba anathira silabu, nakweza makoma.

Tinakangana pa zambiri. Iwo ankafuna pansi posalala, popaka polishi wofiira, ngati m'nyumba ya ansembe.

"A Marko, munthuyu waterereka kale kamodzi. Mukufuna mumalizitse?"

Anang'ung'udza, koma anatenga tsache n'kukanda simenti isanaume, pansi pakhale pokhakhala. Ankafuna zenera lalikulu. Ine ndinati laling'ono, m'mwamba, loti munthu wodutsa panja angaone denga lokha. Anafunsa chifukwa chimene ndikufunira kampando kena kakafupi posambira, pafupi ndi ngalande. Ndinati ndi pokhala potsuka mapazi kasanu pa tsiku.

"Kasanu? Mapaziwo akupondanji?"

"Mangani, bambo."

Ngalande tinailozetsa ku nthochi. M'khoma tinazika paipi yachitsulo yogwirira podzuka. Pakona ndinasiya malo a mtsuko ndi birika la madzi. Kumtunda kwa makoma tinapaka laimu, kumunsi penti wobiriwira ngati nyanja amene anatsala pamene mlamu wanga ankapaka boti lake. Ndinakhoma kashelefu ka sopo ndi mwala wokhulira zidendene, misomali iwiri ya zitenje, ndi kagalasi kakang'ono. A Marko anati nkhalamba siifuna galasi. Ndinati sanawaonepo apongozi anga akumanga duku.

Atafuna kukhoma msomali wa mapepala pafupi ndi mpando ndinawaletsa.

"Muno ndi mwa madzi. Ndiponso ndatopa n'kutembenuza nyuzipepala mbali zonse ndisanaing'ambe, kuopa kung'amba nkhope yosang'ambidwa."

A Marko anayang'ana kuzenera, natsitsa mawu. "Mwanawe, pakamwa pakopa padzakugonetsa kutali."

Mpando weniweniwo ndiwo unali kunyada kwawo. Anautsamiritsa kukhoma la kumapeto, naukulungiza m'mbali, nauika chivundikiro cha thabwa la mlombwa. Munthu akakhalapo ankayang'ana kukhomo, miyendo atatambasula bwino, kuwala kukugwa kuchokera m'mwamba. Ntchito yonse inatenga milungu isanu, chifukwa simenti inkasowa m'masitolo ndipo tinkaipeza thumba limodzilimodzi. Tsiku lomaliza ndinaima pakhomo n'kumva kukoma mumtima. Ndinali nditayamba kale kukonza mawu okawauza apongozi.

Ndipamene anafika Mwanamvua, mnansi wanga Msilamu amene amagulitsa usipa wouma kumisika ya ku Namwera ndi Chiponde. Analowa akuyamikira chilichonse.

"Ee, mayi a Esime, koma mwamanga hotela! Ine ndisamukira konkuno. Penti uyu, anthuni! Ndipo mwakumbukira birika, mwana wa amishoni iwe!"

Anazungulira kakhoma kaja, nakhala pa chivundikiro ndi zovala zake kuti ayese. Anaseka, akugwedeza miyendo. Kenako kuseka kunatha. Anayang'ana kukhomo, anayang'ana kuzenera kumene kunkalowera dzuwa, n'kudzuka ngati wakhalira moto.

"Yarabi, Mulungu wanga! Mayi a Esime, sitima ikamapita ku Likoma imalowera kuti?"

Ndinaloza.

"Nanga munthu akakhala apa wayang'ana kuti?"

Ndinalozanso komweko.

"Ndiye ku chibula kumeneko! Kumene timayang'ana poswali. Munthu sadzithandiza atayang'ana ku chibula. Ngakhale mwana wa ku madarasa amadziwa."

A Marko anali akutsuka zipangizo zawo panja, ndipo anamva. Analowa manja akudontha.

"Mayi, Mulungu ali paliponse. Mukautembenuza mpandowu mukamupezanso komweko."

"Ali paliponse, inde. Nanga inu m'tchalitchi mwanu guwa bwanji simuliika kukhomo? Akufa anu bwanji simuwagoneka chigonegone?"

A Marko anapukutira manja m'malaya. "Chabwino. Azikhala chotembenuka, aziyang'ana khoma."

"Kufulatira ku chibula? Mwaonjeza! Achimwene, mpandowu uyenera kukhala cham'mbali. Nkhope kuzambwe kapena kuvuma, basi."

"Cham'mbali mawondo agunda khoma! Muno ndi mopapatiza. Kuti utembenuke ndiye bowo lisunthe, kuti bowo lisunthe ndiye tiswe silabu, kakhoma aka kagwe, paipi izulidwe. Milungu isanu! Ine sindinaswepo ntchito yanga chiyambire."

Mwanamvua atachoka, a Marko anandikokera pambali.

"Mwanawe, tamvera. Simenti yatsala thumba limodzi, ndipo kusitolo kulibe. Mitambo waiona. Gogoyo maso ndi ofooka, adzafika ndi galimoto atazunguzika mutu. Chitseko chikatsekedwa adzadziwa bwanji kumpoto? Ukangokhala chete, nkhani yatha."

Sindinama, ndinaganizira. Ndinakhala pa kampando kotsukira mapazi kaja masana onse ndikuyang'ana penti wanga. Sindinkafuna kuona nyundo ikulowa m'menemo. Ndinadziuza kuti kusunga moyo wa munthu n'kofunika kuposa mbali imene mawondo ake aloza.

Koma apongozi anga ndinkawadziwa. M'mawa woyamba adzafunsa kumene ayale mkeka woswalira, ndipo adzauyala m'chipinda chomwecho, nkhope kumpoto. Akadzalowa m'bafa adzazindikira asanakhale n'komwe. Ndipo sadzanena kanthu. Adzangosiya kumwa madzi, adzachepetsa kudya, azidzadikira ine nditapita kumsika kuti adzikoke ndi munsi wawo mpaka kuchimbudzi cha mabanja atatu chija. Ndikanakhala nditawachotsa kwawo kudzawazunza kwa eni.

A Abudu anafika patapita masiku awiri, cha m'ma teni m'mawa, akununkha dizilo. Sindinawapatse ngakhale madzi akumwa. Ndinawatengera m'bafa.

"Khalani apo."

Anakhala, akumwetulira. "Koma a Marko ndi mmisiri. Zili bwi..."

"Musamalize. Mwayang'ana kuti?"

Anayang'ana khomo. Anayang'ana ine. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakumbukira kuti wasiya mwana pa depoti.

"Aa," anatero.

"Aa chiyani? Ndinakuonetsani pepala. Ndinalemba ndi muvi womwe, kumpoto uku. Ine ndinakulira ku Sande sukulu, ndikanadziwira kuti? Inu amene munakhala zaka zisanu pa mphasa ya shehe?"

"Mayi a Esime, pa sitima munthu umaiwala. Chimbudzi cha m'sitima m'mawa chayang'ana ku Nkhotakota, masana ku Likoma, sitima ikakhota nacho chakhota. Ukati uzitsata chibula ndiye uphulika."

Ndinafuna kuseka, koma ndinadzigwira.

"Nyumba ino siikhota. Mayi anu akudzikoka pansi ku Katuli, inu munabwera kudzandiuza kuti zili bwino. Lero ndikufuna muone chinthu chimodzi ndi maso anu mpaka chithe."

Ndinawapatsa nyundo yaikulu ya a Marko. Anailandira. Kenako anavula malaya, nachotsa chivundikiro cha mlombwa n'kundipatsira mosamala, namenya. Njerwa yoyamba inagwera m'dzenje. A Marko, amene anali atakhala pa ndowa panja, anatembenukira kumbali ngati pamaliro. Koma silabu itayamba kung'aluka mokhota anadzuka mwaukali.

"Iwe, ukuswa ngati ukupha ng'ona! Bweretsa kuno. Pali mbali yoti tipulumutse."

Anagwira ntchito awiriwo mpaka dzuwa litapendeka, wina akutukwana, wina akupepesa. Penti wanga anadzaza fumbi. Kagalasi ndinali nditachotsa kale.

M'mawa mwake a Marko anabwera ndi choko, najambula pansi malo atsopano: mpando kutsamira khoma la kuvuma, nkhope kuzambwe, kakhoma kaja kusunthira kutsogolo phazi limodzi. Posambira pankachepa, koma pankakwanabe munthu ndi beseni. Kenako anaika choko kukhutu n'kupinda manja.

"Tsopano undiuze, mwanawe. Mpando utalike bwanji? Uja ndinayesera pa ine. Gogoyo ndi wamtali ngati ine?"

"Amandilekeza m'phewa."

"Ndiye miyendo ikanamalendewera. Paipi yogwirira ikhale dzanja liti? Mwendo wovulala ndi uti? Podzuka amayamba n'kutsamira kuti? Ndipo pali malamulo ena angati amene sitikuwadziwa? Thumba ndi limodzi. Ndikalitsegula, sindidzaswanso kachiwiri, ngakhale abwere shehe ndi bishopu atagwirana manja."

Milungu isanu yonse ndinali ndikumangira munthu amene sindinamufunse kalikonse. Ndinafunsa a Abudu, ndinafunsa mutu wanga, koma mwini chiuno ayi. Tinagwirizana kuti thumba likhale losatsegula. Sitima inanyamukanso ndi a Abudu, amene anati ndidikire tchuthi chawo cha Khirisimasi kuti tikapite limodzi. Mlungu umenewo kunagwa kamvula koyamba, kongonunkhiritsa fumbi.

Loweruka Mwanamvua anabwera kuchokera ku malonda ake, madengu ali opanda kanthu, nkhope yodzaza nkhani. Anakhala pa khonde osadikira kuuzidwa.

"Ndafika ku Katuli."

"Kukatani? Usipa wanu sufika kumeneko."

"Ulendo uno wafika. Kunali msika. Ndiye ndinati ndikawaone Abiti Atumani, ndiwapatseko kambale ka usipa."

"Mwawauza."

"Ine? Ndinangoti mpongozi wanu uja wamanga bafa la penti, lokhala ndi galasi. Iwo akuti, hm. Ndinati chimbudzi chili m'kati, cha mpando, birika pambali. Akuti, hm. Ndiye ndinati koma waliswa. Akuti, wapenga? Ndinati ayi, mpando unayang'ana ku chibula, ndiye wapatsa Che Abudu nyundo, aswa simenti yatsopano, mmisiri wa ku mishoni akulira pa ndowa."

"Sanalire."

"Kwa ine analira. Kenako Abiti Atumani akufunsa, anamuuza kuti aswe ndani, Abudu? Ndinati Abudu wanuyo anavomera pepala osaliona. Akuti, ameneyo ndi mwana wanga ndithu, bambo ake analinso choncho. Ndiye anaseka, mayi a Esime. Anaseka mpaka kugwira chiuno chopwetekacho."

"Za kubwera anenapo chiyani?"

Mwanamvua anayamba kuwerenga pa zala. "Akuti paipi ikhale kudzanja lamanja. Akuti mtsuko usakhale pansi, sangawerame, muumangire pokwera. Akuti pakhomo pasakhale chopunthwitsa, chifukwa polowa amatsogoza mwendo wamanzere, womwe uli wovulalawo. Akuti zobiriwirazo sakuzidziwa, adzaona okha ngati n'zoyenera munthu wamkulu."

"Adzaona okha?"

"Ndi mawu awo. Akuti, kamuuzeni mwana wa amishoniyo asathirenso simenti ine ndisanakhalepo pa njerwazo n'kuyesa. Wawononga kale yambiri."

Ndinadzuka n'kukasuntha madengu ake pa dzuwa, ngakhale sanali kusowa kusunthidwa.

"Sananene kuti abwera kudzakhala," Mwanamvua anachenjeza. "Akuti kudzayesa."

"Adzayese. Simenti imatenga masiku kuti iume, ndipo ikamadzauma msewu udzakhala utaduka."

"Ndiwe mfiti, iwe."

"Lole imene munakwera ibwerera liti kumeneko?"

"Lolemba m'mawa, kuchokera pa Mangochi. Ikukatenga nandolo. Dalaivala ndi mlamu wanga, ndikhoza kumuuza awasungire malo kutsogolo pobwera. Koma Che Abudu anati mudikire Khirisimasi."

"Akadzatsika sitima adzawapeza mayi awo pakhomo."

Ndinapita kwa a Marko kukawauza kuti aunjike njerwa zouma pamalo a mpando, zosamata, kuti mwiniwake adzachotse kapena kuonjeza mzere mmene afunira. Anati m'zaka makumi anayi sanalamulidwepo ndi kapitawo wa duku. Ndinati azolowera. Anafunsa ngati gogoyo amamwa tiyi wa mkaka, kuti adziwe ngati pa ntchitopo pazikhala tiyi wabwino.

Lamulungu nditachoka ku tchalitchi ndinasesa chipinda cha Esime, ndinatsitsa bedi pochotsa njerwa zimene linakwerapo, n'kusiya malo a mkeka pakati. Kenako ndinatsitsa chikwama pamwamba pa kabati. Ndinaikamo zitenje ziwiri, shuga, masamba a tiyi, sopo, ndi mapilo awiri oti adzakhalire m'lole pa mabampu a ku Namwera. Khadi la chipani ndinaliika m'kathumba ka kutsogolo, poti anyamata a pa depoti salola munthu kukwera asanalione. Ndinakumbukira kuti katundu wawo adzafuna pomangira, ndiye ndinaonjeza chingwe ndi masaka awiri opanda kanthu. Zipi inakana kutseka. Ndinakhalira chikwamacho mpaka inatseka, ndi kuchiika pafupi ndi chitseko.